Zimbale ziwiri za WITCH zomwe anthu amazilumpha

Amalume anga anagwira ntchito zaka zambiri kumgodi wa Nkana, ku Kitwe m'dziko la Zambia, koma pobwerera kumudzi sanabwere ndi chuma choti munthu n'kuloza. Anabwera ndi njinga, jekete lachikopa, chifuwa chosamva mankhwala, ndi gumbagumba yomwe mbale zake zinadzaza katoni. Pachikuto cha mbale iliyonse analembapo dzina lawo ndi bolopeni, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, chifukwa amati kumadansi a kukomboni mbale zinkamera miyendo. Pamutu pa singano anamatapo kandalama ka ngwee kuti isamalumphe anthu akayamba kuponda pansi. Mwa mbale zonsezo, ziwiri zinali za gulu limodzi loimba la ku Zambia, la WITCH: Lazy Bones!! ya 1975 ndi Movin' On ya 1980.

Yoyambayo inali ya amalume okha. Ankayiika madzulo pakhonde, batire lagalimoto lili pambali, iwo atatsamira khoma, maso ali chitsinzinire, phazi likugunda pansi pang'onopang'ono. Koma pakhomo pakakhala chinkhoswe kaya Khirisimasi, akazi awo sankadikira kuti nyimbo ithe. Ankangoti, "Inu bambo, zanu zolirazo mumvere mawa. Tiikireni ija yovinika." Amalume ankang'ung'udza, n'kupukuta mbale inayo ndi malaya, n'kuyiika. Bwalo lonse linkadzuka.

Ndakumbukira zimenezi chifukwa WITCH yatchukanso, ndipo mbiri yake ikukambidwa paliponse m'njira imodzimodzi. Amati anyamata a ku Copperbelt, chigawo cha migodi cha Zambia, anajambula zimbale zisanu za chamba cha rock m'zaka za m'ma 1970, kenako chuma cha Zambia chinagwa, matenda anabwera, gulu linatha, mpaka azungu okonda mbale zakale analifukula, ndipo mu 2023 linatulutsa chimbale chatsopano. Nkhaniyi ndi yokoma kuimva ndipo zambiri mwa izo n'zoona. Koma zimbale za WITCH zilipo zisanu ndi zinayi. Ziwiri zapakati, Movin' On ya 1980 ndi Kuomboka ya 1984, amazitchula mothamanga ngati m'bale wochititsa manyazi pamaliro, kapena sazitchula n'komwe. Ine ndikuti kulumpha ziwirizo n'kunamiza anthu za gululi, ndipo munthu amene sanazimvere sangamvetse ngakhale WITCH yomwe ikuimba lero.

Gululi linabadwira ku Kitwe, mzinda wa migodi ya mkuwa, ndipo poyamba linkatchedwa Kingston Market. Woimba patsogolo anali Emmanuel Chanda, yemwe anthu anamupatsa dzina loti Jagari pomufanizira ndi Mick Jagger wa Rolling Stones chifukwa cha kudumpha kwake pansanja. Anali ndi Chris Mbewe ndi John Muma pa magitala, Gedeon Mulenga pa besi, Boidi Sinkala pa ng'oma ndi Paul Mumba pa ogani. Dzina loti WITCH pa Chingerezi ndi mfiti, ndipo analitambasula kukhala We Intend To Cause Havoc, kutanthauza kuti tabwera kudzayambitsa chipwirikiti. Tangoganizani mnyamata akuuza mayi ake opemphera kuti walowa gulu lotchedwa mfiti.

Chimbale chawo choyamba, Introduction, chinajambulidwa pomwe m'Zambia munalibe fakitale yodinda mbale. Tepi inachita kupita ku Nairobi, mbale n'kubwerako m'makatoni, n'kumagulitsidwa komwe gululi likuimba. Masiku ano mawu oti gulu loima palokha ena amawatenga ngati dzina la chamba, kapena ngati kavalidwe. Kwa anyamata a ku Kitwe kuima paokha kunali kusowa wowalipirira. Ndalama yapakhomo la holo ndi yomwe inkagula zingwe za gitala, mafuta a galimoto ndi nthawi ya mu situdiyo. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ndi yomwe ikufotokoza zomwe zinachitika mu 1980. Gulu lodya zapakhomo la holo silingathe kunyalanyaza zomwe anthu olowa pakhomopo akufuna kuvina.

Mukamvera zimbale zisanu zoyambazo motsatana mupeza chinthu chomwe okonda nkhani yokoma ija sachinena kawirikawiri: WITCH sinakhalepo malo amodzi. Introduction ndi anyamata akuphunzira, ogani ikulira mopyapyala, mawu onse m'Chingerezi, fungo la Rolling Stones lili tho. In the Past ya 1974 yafewa pang'ono, muli kulingalira. Pofika pa Lazy Bones!!, yomwe inajambulidwa ku DB Studios ku Lusaka, gitala wa Mbewe wasasa mawu, akulira ngati mavu otsekeredwa m'chitini, ndipo nyimbo ngati "Black Tears" ndi "Motherless Child" zili ndi mdima womwe m'zimbale ziwiri zoyamba munalibe. Ichi ndiye chimbale chomwe ambiri amati ndi mutu wa zonse, ndipo pamenepo sinditsutsa. Koma patangopita chaka chimodzi anachisiya. Lukombo Vibes ya 1976 inatembenukira kwawo: dzina lenilenilo ndi la chikho chomwera, ng'oma zinayamba kuyenda mwa kumudzi, ndipo munalowa nyimbo yotchedwa "Nasauka". Chimbale cha 1977, chija chili ndi "Janet", chili ndi ina yotchedwa "Nazingwa". Ife olankhula Chichewa sitifunika wotimasulira mawu awiri amenewo. Zaka zisanu, zimbale zisanu, ndipo palibe ziwiri zomveka mofanana.

Tsono amene amati mu 1980 gululi linasiya njira yake atiuze kuti njira yakeyo ndi iti. Ya 1974 kapena ya 1976? Chizolowezi chawo chinali kusintha. Akanajambula Lazy Bones!! yachiwiri mu 1980, apo ndiye tikanati china chake chafa.

Komanso Zambia ya 1980 sinali ija ya 1972. Dziko lonse linkadalira mkuwa, ndipo mtengo wake utagwa pakati pa zaka za m'ma 1970 sunadzukenso msanga. Ndalama zakunja zinasowa, mizere ya sopo ndi mafuta ophikira inayamba, ndipo munthu wogwira ntchito kumgodi ngati amalume anayamba kuwerengera kawiri asanagule mbale. Lamulo la boma la Kenneth Kaunda loti nyimbo 95 mwa 100 zilizonse za pa wailesi zikhale za m'dzikomo linathandiza oimba kumveka, koma wailesi siidyetsa munthu. Pamwamba pa izo panali nkhondo ya ku Rhodesia, yomwe lero ndi Zimbabwe. Zambia inkasunga omenyera ufulu wa Zimbabwe, ndipo mu 1978 ndege za Ian Smith, mtsogoleri wa Rhodesia, zinaphulitsa misasa pafupi ndi Lusaka. Kunabwera malamulo oletsa kuyenda usiku ndi kuzimitsa magetsi. Gulu la rock limakhalira usiku. Mukalilanda usiku mwalilanda munda. Ndiye kunabwera disiko: munthu mmodzi ndi mbale zake ndi zokuzira mawu ankadzaza holo yomwe kale inkafuna anthu asanu ndi mmodzi, galimoto ndi onyamula katundu. Mwini bala aliyense anaona yekha kuti chotchipa n'chiti.

Jagari anaona zimenezi n'kusankha uphunzitsi. Sindimunena, anali ndi pakamwa poti adyetse. Otsalawo anasankha kupitiriza. Analowetsa Patrick Mwondela pa kiyibodi, analowetsa oimba atsopano kuphatikizapo mawu a mkazi, chinthu chomwe m'zimbale zisanu zija simuchimva patsogolo, ndipo anajambula nyimbo zoti zipikisane ndi mbale za ku America m'maholo omwewo momwe anthu a disiko anawalanda malo. Movin' On ndi dzina losabisa kanthu: tikupitirira. Kuomboka ndiye linapita patali. Ndi dzina la mwambo wa Alozi kumadzulo kwa Zambia, pomwe madzi a Zambezi akasefukira m'chigwa, mfumu yawo, Litunga, amakwera bwato lalikulu la Nalikwanda kuchoka ku Lealui kupita kumtunda ku Limulunga. Mawuwo amatanthauza kutuluka m'madzi. Gulu lomwe linali m'madzi ofika m'khosi mu 1984 linatcha chimbale chake chomaliza cha m'nyengo imeneyo dzina limenelo, ndiye wina n'kumati zimbalezi zilibe chonena za Zambia?

Pali zifukwa zomwe anthu amapereka, ndipo sindizipeputsa zonse. Cholimba kwambiri n'choti popanda Jagari palibe WITCH. Mawu ake ndi omwe anthu amawadziwa, ndipo zoona, mukaika Movin' On mutangomaliza Lazy Bones!! mumayamba mwayang'ana pachikuto ngati mwalakwitsa mbale. Koma gulu si munthu mmodzi. Besi yomwe inanyamula nyimbo ya "Havoc" mu 1975 sinachoke limodzi ndi Jagari. Anthu omwe anayambitsa gululi ku Kitwe analipo ndithu, akuimba pansi pa dzina lomwe analivutikira okha. Anthu amenewo lero kulibe. Mwa omwe anayambitsa WITCH watsala Jagari yekha, ambiri mwa anzake anapita m'zaka zomwe Edzi inakolola oimba a ku Zambia ngati chimanga, zaka zomwe Kaunda mwini anaimirira mu 1987 n'kuuza dziko kuti mwana wake anamwalira ndi matenda omwewo. Tikamati WITCH inatha tsiku lomwe Jagari anachoka, tikufufuta zaka zomaliza za ntchito ya anthu omwe sangathenso kudziyankhira. Wamoyo ndiye amakamba nkhani, n'chimodzimodzi pamlandu wa munda, koma sizitanthauza kuti malire ali pomwe iye anasiyira kulima.

Chifukwa china chomwe ndimachimva n'choti disiko inali yobwereka, pomwe Zamrock, rock ya ku Zambia ija, inali yawoyawo. Apa ndiye ndimaseka. Mnyamata wotchedwa dzina la Mick Jagger, akuimba m'Chingerezi, pa gitala wolira mwa Jimi Hendrix, ameneyo sanabwereke? Onse anabwereka. A 1972 anabwereka ku London, a 1980 anabwereka ku New York. Funso loyenera ndi loti chobwerekacho anachita nacho chiyani, ndipo mukatchera khutu ku Kuomboka mumva kuti pansi pa makiyibodi owalawo pali kayendedwe ka besi ndi kayankhidwe ka mawu komwe simungakapeze pa mbale ya ku America. Ndikuganiza kuti chomwe chimachitika n'chakuti ogula mbale zakale a ku Ulaya ndi ku America anakulira pa gitala wosasa uja. Atamumva akuchokera ku Kitwe anadzimva okha, ngati munthu wopeza chithunzi cha agogo ake m'nyumba ya eni, ndipo anachitcha chenicheni. Disiko ambiri a iwo ankainyoza kale kwawo komweko. Kunyoza kumeneko anangokunyamula n'kudzakutula pa gulu la ku Zambia, ifenso n'kukulandira ngati chiweruzo cha akatswiri.

Ndipo tisaiwale amene ankavina. Pakhomo pa amalume, mbale ya rock inali ya mwamuna mmodzi pakhonde. Ya disiko inali ya akazi awo, ya atsikana, ya ife ana, ya anthu obwera kuchinkhoswe. Mbiri ya nyimbo nthawi zambiri imalembedwa ndi amuna okhala pakhonde aja, okonda kumvera ali chete n'kumasanthula, ndipo zomwe bwalo linavina amaziona ngati zopepuka. Sindikhulupirira kuti khutu la mayi wovina ndi lotsika poyerekeza ndi la bambo wotsinzina.

Pali pomwe ndivomere. Ndikafunsidwa kuti ndipulumutse mbale imodzi nyumba ikupsa, nditenga Lazy Bones!!, osaganiza kawiri. M'zimbale za disiko muli nyimbo zina zomwe mawu ake ndi amadzimadzi, zachikondi chosalozeka mwini, zoti gulu lililonse likanatha kuimba. Koma nazonso zimbale za rock zili ndi zofooka zake. Pa Introduction pali nyimbo zomwe zikanakhala za gulu la ku Birmingham palibe akanazikumbukira. Chimbale sichichotsedwa m'kaundula wa gulu chifukwa choti sichili pamwamba pa zinzake. Mwana wachisanu ndi chimodzi sasiya kukhala wa m'banjamo poti mkulu wake ndiye anakhoza bwino sukulu.

Ndivomerenso kuti alendo aja anatichitira zabwino. Akulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Pomwe kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles, ya Eothen Alapatt, inkasonkhanitsa nyimbo za WITCH n'kuzitulutsanso mu 2012, Jagari anali kuthengo akukumba miyala yamtengo wapatali, ndipo m'masitolo a ku Lusaka simukanapeza mbale yake. Ife eni dera tinali titataya mbalezo kudenga, ena tinkazipachika m'munda kuopsezera mbalame. Popanda anthu amenewo bwenzi nkhani ino palibe woilemba. Koma bokosi la 2012 lija linatenga za 1972 mpaka 1977, ndipo poti ndilo linali khomo lomwe dziko linalowera, anthu anayesa kuti nyumba yonse ndi imeneyo. Zimbale za disiko zinadzatulutsidwanso pambuyo, pazokha, n'kupeza ozikonda ena, makamaka oseweretsa nyimbo m'madansi. Mpaka lero magulu awiri a okonda WITCH amenewa ali ngati anthu opemphera tchalitchi chimodzi koma mapemphero a nthawi zosiyana. Filimu ya Gio Arlotta ya 2019, yomwe inathandiza kwambiri kudzutsa gululi, nayonso mtima wake uli pa Jagari, ndipo m'pomveka, filimu imafuna munthu mmodzi woti muzimutsatira. Kaundula wa zimbale alibe chifukwa chotsatira lamulo la filimu.

Umboni waukulu uli pansanja lero lino. Akuluakulu a WITCH yatsopanoyi ndi awiri: Jagari Chanda ndi Patrick Mwondela. Jagari sali pa zimbale za disiko. Mwondela sali pa zimbale zisanu za rock. M'zaka zakalezo anthu awiriwa sanajambule chimbale limodzi. Chimbale choyamba chomwe ali pamodzi ndi Zango ya 2023, patatha zaka 39 chitulukireni Kuomboka, ndipo anakachijambulira ku DB Studios komwe kuja kunabadwira Lazy Bones!!. Mukachimvera mupeza gitala wosasa wa 1975 ndi makiyibodi a 1984 akudyera mbale imodzi. Mupeza mawu a akazi, a Theresa Ng'ambi ndi Hanna Tembo, ali patsogolo, komanso Sampa the Great pa "Avalanche of Love". Khomo la mawu a akazi m'gululi linatsegulidwa mu 1980, pa chimbale chomwe anthu amachilumpha chija. Muli Jacco Gardner wa ku Netherlands pa besi ndi anzake ena a ku Ulaya, ndipo sindinamvepo wina akunena kuti chifukwa cha iwo iyi si WITCH. Ngati mnyamata wa ku Netherlands akuloledwa kulowa m'kaundula, n'chifukwa chiyani Mulenga ndi anzake a mu 1980 akukanizidwa?

Mu 2025 anatulutsa china, Sogolo, lomwe ndi tsogolo lathu lomweli m'kalankhulidwe ka m'tauni ku Zambia. Chimenechi ndiye chapita kutali kuposa Zango pa kusakaniza, ndipo ndamva kale ena akudandaula kuti chachoka pa Zamrock yeniyeni. Mawu omwewo ananenedwa za Movin' On, ndipo ndikukhulupirira kuti analipo wina ku Kitwe mu 1976 yemwe anawanena za Lukombo Vibes.

Mphwanga wina, wa zaka za m'ma 20, anandipeza chaka chatha ndi foni m'manja. Amati, "Ankolo, tamverani, mu nyimbo ya Tyler, the Creator muli Chinyanja." Inali "Noid" ya 2024 ya woimba wa ku America ameneyu, yomwe inatenga chidutswa cha nyimbo ya Ngozi Family, gulu la Paul Ngozi, mnzawo wa WITCH wa nthawi imodzi. Kuchokera pamenepo mnyamatayo anayamba kufufuza yekha, ndipo posakhalitsa anali akundiphunzitsa ine za Zamrock. Anandiwerengera zimbale za WITCH pa zala: zisanu, kenako Zango, kenako Sogolo. Nditamufunsa za ziwiri zapakati anati, "Zija ndi za disiko, ankolo, sizowerengera." Anali asanazimverepo. Anangowerenga penapake kuti sizowerengera. Mwana wa kuno, wodziwa tanthauzo la "Nasauka" popanda womuuza, akulandira malire a gulu la kwa anansi athu kuchokera kwa anthu omwe sanapondepo ku Copperbelt.

Sindinakangane naye. Ndinalowa m'nyumba n'kutulutsa katoni ya amalume, yomwe inagwera ine iwo atatisiya. Gumbagumba inafa kalekale, koma mbale zilipo. Ndinamupatsa ziwiri zija kuti azione padzuwa. Lazy Bones!! ikadali yakuda bii, mizere yake yowala, chikuto chokha ndiye chinadyedwa ndi njenjete m'mphepete. Ogula mbale zakale akaiona angapereke ndalama yabwino. Movin' On inachita kutuwa. Mizere inaphwanyika ndi singano yolemedwa ndi ngwee ija, m'mbali muli zala za mafuta a nkhuku ya pa Khirisimasi, ndipo chikuto chinang'ambika pakati n'kusokedwa ndi ulusi wakuda, kasokedwe ka akazi a amalume. Mphwanga anaitembenuza kawiri, n'kufunsa kuti inatani kuti ithe chonchi. Ndinamuuza kuti aifufuze pafoni pakepo, ndipo akweze mawu kuti amayi ake kukhitchini amve.